Kwa mwana wanga wa gitala, za botolo lija

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, mwendo wa amayi ako wasiya kutupa.

Amalume ako afika Loweruka kuchokera ku Lilongwe ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Akuti kumene ukuimbako mwini malo amakulipira theka ndalama, theka mowa, ndipo sugwira gitala usanamwe. Akutinso tsiku lina anzako anachita kukunyamula nyimbo ili pakati. Ngati ndi bodza undiimbire foni, koma amalume ako ndimawadziwa, sapeka nkhani.

Kuimba sindikukuletsa ayi. Ndingakuletse bwanji mwana amene unakhoma gitala ya chitini cha mafuta ophikira uli sitandade 4, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga yanga? Zala zinkachita kutuluka magazi, iwe osasiya. Chimene ndikuopa ine ndi botolo.

Chithunzi chija cha Hank Williams, woimba nyimbo za country wa ku America, chikadali pakhoma kuchipinda kwako. Umamutama kwambiri, koma kodi mbiri yake unaitsata mpaka pothera? Anabadwa mu 1923 ku Alabama, pakhomo posauka. Bambo ake anakhala zaka zambiri m'chipatala cha asilikali akale, wolera anali mayi. Gitala anamuphunzitsa ndi Rufus Payne, bambo wachikuda woimba m'misewu, ndipo asanakwanitse zaka 15 anali akumveka kale pa wailesi ku Montgomery. Mu 1949 analowa Grand Ole Opry, pulogalamu yotchuka ya nyimbo ku Nashville, kumene woimba country aliyense amalota kukaimako. Luso ngati limenelo, mwana wanga, iwe sunalifikebe. Koma pofika Ogasiti 1952 anamuchotsa chifukwa cha kuledzera ndi kujomba, anthu atagula kale matikiti. Chaka chomwecho banja lake ndi Audrey linatha.

Iyeyu anali ndi podandaulira. Anabadwa ndi vuto la msana, ululu wake wosagonetsa, ndiye ankauziziritsa ndi mowa, morphine, ndi mankhwala ogonetsa amene ankamulembera munthu wodzitcha dokotala, wa satifiketi yogula. Nanga iwe, msana uli bwinobwino, ukuziziritsa chiyani? Ngati pali chimene chikukudya mumtima, bwera undiuze. Ndine bambo ako, sindingakuseke.

Pa 1 Januwale 1953 ankayembekezeka kukaimba ku Canton, ku Ohio. Anayenda usiku pa galimoto yake ya Cadillac, woyendetsa ali mnyamata wa ku koleji, iye atagona kumpando wakumbuyo. Mnyamata uja ataima ku Oak Hill, ku West Virginia, anapeza bwana wake atauma kale. Zaka 29 zokha. Anasiya mwana wamwamuna wa zaka 3, ndipo wamkazi anabadwa patatha masiku 5 bambo ake atamwalira. Iwe mu Meyi muno ukwanitsa 28, ndipo mkazi wako ndi woyembekezera. Ndikaziika pamodzi zimenezi nsima imandikanika kumeza.

Usandiuze kuti oimba onse amatero. Don Williams, amene makaseti ake tinkamvera Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, anaimba modekha moyo wake wonse, anafika mpaka ku Harare mu 1997, nadzamwalira mu 2017 ali ndi zaka 78. Bwanji osatengera ameneyo?

Tsono tamvera. Mwini malo umuuze kuti ukufuna ndalama yonse m'manja, mowa agulitse kwa ena. Akakana, nyamula gitala uzipita, malo oimbira ndi ambiri. Ndalamayo uzimupatsa mkazi wako usiku womwewo isanagone m'thumba mwako. Ndipo mnzako woimba ng'oma uja, amene anabwera kuno pa Khirisimasi akununkha kachasu m'mawa kusanatenthe, sindimufuna pafupi nawe. Amayi ako anamulandira chifukwa cha ulemu chabe. Anthu okugulira mowawo akukondwera ndi nyimbo, iwe ukadzagwa adzaitana wina woimba. Ndabwerezanso, ndalama m'manja, osati m'botolo.

Amayi ako sindinawauze za kunyamulidwa kuja, mtima wawo ukuudziwa. Akutumizira mtedza ndi ufa kudzera kwa amalume ako Lachinayi. Mwezi ukatha ubwere ndi mkazi wako, gitala utenge, tidzakhale pansi awiriwiri. Ukapanda kubwera ndikwera basi ndine, ndidzakupeza komwe ukuimbako.

Ndine bambo ako.