Tithandizeni ana athu akaone sitima za malasha ku Livingstone

Kwa makolo, anyakwawa, amipingo, amalonda a m'tauni ya Chipata, ndi inu amene munaphunzira pasukulu pathu koma tsopano muli ku Lusaka kapena ku migodi: zikomo, ndife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, tabwera ndi pempho.

Pa holide ya Ogasiti tikufuna kuperekeza ana a Giredi 7 ku Livingstone kuti akaone Railway Museum, kumene kwasungidwa mitu ya sitima zakale zoyendera malasha ndi nthunzi. Ena pamsonkhano anafunsa kuti bwanji osagula madesiki m'malo mwa ulendo. Funsolo ndi labwino, ndipo nkhani ya madesiki sitinaitaye. Koma tamvani maganizo athu.

Kuno kum'mawa njanji inatichedwera. Inawoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, mu 1906 inali itafika ku Broken Hill, komwe lero timati Kabwe, n'kupitirira ku migodi. Fort Jameson, yomwe lero timati Chipata, inangosiyidwa pambali. Njanji ya TAZARA ya ku Dar es Salaam, yomwe anamanga a ku China n'kuitsiriza mu 1975, nayonso inadzera kumpoto kuchokera pa Kapiri Mposhi. Yathu ya Chipata ndi Mchinji inayambika mu 1982 koma inadzatsegulidwa mu 2010, sitima za nthunzi zitatha kale. Ndiye kuti dera lathu silinamvepo kulira kwa sitima yamalasha. Komabe ndi sitima zomwezo zimene zinanyamula agogo a anawa. Ankayenda pansi masabata kuti akaipeze njanji, n'kukwera kupita ku Wankie (lero Hwange), ku Salisbury (lero Halale), ku Joni. Ena anakhala matchona. Mwana akamva kuti agogo ake anapita ku Halale, ayenera kudziwa chimene chinawatenga.

Aphunzitsi a sayansi amayesetsa. Amaika ketulo pambaula, madzi akawira chivundikiro n'kumanjenjemera, iwo n'kumati mphamvu yake ndi imeneyi. Ana amagwedeza mutu, koma ukawafunsa kuti nthunzi ingakoke bwanji mabogi odzaza mkuwa, amangoyang'anizana. Ku Livingstone akaona ndi maso ng'anjo imene munthu ankaponyamo malasha ndi fosholo ulendo wonse thukuta lili kamukamu, thanki yaikulu yowiritsira madzi, ndi mikono yachitsulo imene nthunzi inkakankha kuti mawilo azungulire. Akaonanso mutu wa sitima wa mtundu wa Garratt, umene chowiritsira madzi chake chili pakati, makina oyendetsa mawilo ali kutsogolo ndi kumbuyo, kuti uzitha kukhota bwino pa njanji yopapatiza ngati yathuyi. Malo osungirawo kale anali shedi ya Zambezi Sawmills, kampani imene inkatuta mitengo ya mukusi pa njanji ya ku Mulobezi. Mwana amene wagwira chitsulo chotere ndi dzanja lake sadzavutika kukumbukira kuti James Watt anakonzanso makina a nthunzi mu 1769, kapena kuti sitima ya Stephenson yotchedwa Rocket inapambana mpikisano ku England mu 1829. Pakali pano mayinawa amangowaloweza ngati nyimbo, mayeso akatha n'kuiwala.

Ulendo ndi wautali, mukudziwa: tsiku lathunthu pa Great East Road kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kugona ku Lusaka, mawa lake n'kupitirira kum'mwera. Cholemera kwambiri ndi basi ndi mafuta ake. Makolo asonkhako kale, koma ambiri ndalama amaigwira akagulitsa mbewu, ndipo sitikufuna kuti mwana wamasiye atsale chifukwa chosowa. Amene muli ndi kwacha, perekani imene mungathe. Amene mulibe, chitini cha nshawa, soya kapena chimanga tidzalandira ndi manja awiri n'kukagulitsa. Ngati muli ku Lusaka ndipo mpingo kapena sukulu yanu ingalole ana kuyala mphasa usiku umodzi, mwatichotsera mtolo waukulu.

Pempho lina silifuna ndalama. Tikudziwa kuti m'midzi mwathu muli agogo amene anagwira ntchito ku Rhodesia Railways kapena ku Zambia Railways, ena ankakonza njanji, ena ankatsitsa katundu pa siteshoni. Agogo, bwerani mudzakhale ndi ana masana amodzi tisananyamuke, mudzawauze mmene utsi unkadetsera malaya ndi mmene sitima inkaimira pakati pa tchire kuti imwe madzi. Ana adzalemba zimene mudzanene. Ngati m'sutikesi muli chithunzi, tikiti yakale, chipewa kapena nyale ya pa njanji, tibwerekeni, tidzabweza.

Zopereka zonse zifike ku ofesi ya ahedi kapena kwa msungichuma wa komiti, ndipo musachoke osalandira lisiti. Pamsonkhano wa makolo wa kumapeto kwa Julaye tidzawerenga poyera zonse zimene zalowa, ndipo ndi pomwepo tidzasankhe amayi ndi abambo operekeza ana.

Ndife,
Komiti ya makolo ndi aphunzitsi