Kalata kwa mpingo: pamene pemphero lauma m'kamwa

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Landirani moni m'dzina la Yesu Khristu, inu a pano pa tchalitchi ndi inu a m'milaga yonse, mpaka kutsidya kwa Shire.

Poyenda m'makomo mwanu chaka chino ndamva dandaulo limodzi kwa amayi, kwa achinyamata, ngakhalenso kwa akulu a mpingo. Munthu amayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako n'kutsitsa mawu: "Abusa, ndikagwada sindikumvanso kanthu. Kodi Mulungu wanditaya?" Poti aliyense akuganiza kuti zikumuchitikira yekha, ndati ndikuyankheni pamodzi.

Ambiri mukukumbuka masiku a namondwe Freddy, mu Malichi 2023, ena a namondwe Ana mu Januwale 2022. Tinkagona mothithikana m'makalasi a sukulu, katundu yense ali m'thumba limodzi, koma usiku nyimbo zinkangoyamba zokha popanda woliza belu. Munthu ankapemphera misozi ili chuchuchu, akudziwa bwino kuti akumvedwa. Lero mwamanganso nyumba, belu likulira, koma miyendo ikulemera. Ndiye mukuti chikhulupiriro chinatha. Ine ndikukana. Mulungu amene anakugwirani dzanja m'madzi aja sanasinthe chifukwa choti mtima wanu wasiya kutentha.

Werengani 1 Mafumu 18 ndi 19 motsatizana. Pa phiri la Karimeli Eliya anapemphera, moto n'kutsika anthu onse akuona. Mutu wotsatira womwewo akuthawa Yezebeli, wakhala pansi pa kamtengo m'chipululu, akupempha kuti angofa. Onani zimene Mulungu anachita. Sanamukalipire. Anamusiya agone, mngelo n'kumudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anagonanso, anadyanso kachiwiri. Kulankhula kunabwera pambuyo, atayenda masiku 40 kukafika ku Horebu, ndipo sikunali mu mphepo yamkuntho, mu chivomezi kapena m'moto, koma m'mawu a kayaziyazi.

Apa ndipamene ndikufuna tiimepo, chifukwa ena mukudziweruza mlandu umene si wanu. Bambo amene wachezera usiku kudimba kuthamangitsa mvuu, mayi amene wadwazika mwana malungo sabata yathunthu, mnyamata amene waweruka kodula nzimbe ku Nchalo dzuwa la Okutobala litamuswa pamutu, akagona pakati pa pemphero sikuti wabwerera m'mbuyo. Watopa. Chimodzimodzi wa njala ya mu Febuluwale, ndi wamasiye amene anthu anabalalika atasesa maliro, iye n'kutsala yekha ndi nyumba. Mulungu amene anatiumba ndi dothi amadziwa kuti thupi likafooka mtima umatsatira.

Sindikubisirani mbali inayo. Nthawi zina chimene chatseka pakamwa ndi tchimo. Davide mu Masalimo 32 akunena kuti pamene anakhala chete osaulula, mafupa ake anakalamba. Ngati pali chakukhosi ndi mbale wanu pa nkhani ya malire a munda amene madzi anafafaniza, kapena pali ndalama ya gulu imene simunabweze, musadikire kuti chimwemwe chibwere chokha. Pitani mukakonze, monga Yesu analamulira pa Mateyu 5. Koma mukadzifufuza moona mtima osapeza kanthu, lekani kudzizunza. Yohane Mbatizi, amene analoza Yesu ndi chala chake ku Yordano, ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati analidi Iyeyo. Yesu anamuyankha, n'kumuyamikiranso pamaso pa anthu. Ndipo Masalimo 88 amathera mu mdima, popanda mawu achitonthozo kumapeto, komabe ali m'Baibulo lathu ngati pemphero lovomerezeka.

Mwezi wa Okutobala mtsinje wa Mwanza umangokhala mchenga wokhawokha. Mlendo angalumbire kuti mulibe dontho. Koma amayi a kuno amagwada, n'kufukula ndi mbale, n'kudikira. Madzi amayamba kulowa pang'onopang'ono, oyamba amatope amawataya, kenako n'kudzaza ndowa. Pemphero la m'nyengo youma limatero. Ndi lantchito, silikoma, koma madzi alimo.

Chimene chikundiwawa ndi kuona ena mukuthamangira kwa aliyense wodzitcha mneneri, mukugulitsa mbuzi kuti mugule botolo la mafuta kapena madzi odalitsidwa, kufuna kuti thupi linjenjemerenso. Chonde, ana anga, Mulungu sagulitsidwa. Ena mwangosiya Mgonero, mukuti mudzabwera mukadzamva bwino. Gome limenelo anayalira anjala, musalithawe.

Pamene mawu anu akusowa, bwerekani a Masalimo 13 kapena 42, muwawerenge mokweza m'mawa kusanatenthe. Amene simuwerenga, mdzukulu akuwerengereni. Akulu a milaga, ndikukupemphani kuti amene wasowa masabata angapo mukamuone kunyumba. Mukafika yambani mwafunsa ngati wadya ndiponso ngati ali bwino m'thupi, za kujomba zidzabwera pambuyo. Lachinayi lililonse masana ndizikhala pa tchalitchi, ndipo amene akufuna kucheza nane payekha abwere, nkhani yake sidzatuluka.

Chisomo cha Ambuye Yesu chikhale ndi inu nonse.

Ine mbusa wanu.