Kwa amake Tadala, ku Blantyre

Mnzanga,

Voisi yako ija ndaimvera katatu usiku wa Lachiwiri, magetsi atathima monga mwa masiku onse kuno ku Harare, ndipo pamene unati mvula ikangoyamba kugunda pamalata umadzuka n'kukhala pakhomo chikwama chili m'manja mpaka kuche, ine misozi mbwembwembwe. Namondwe Freddy anadutsa mu March 2023 koma iwe udakali ku Chilobwe usiku womwe uja matope akutsika m'phiri la Soche. Ndiye ndati ndikulembere, pafoni ndimangodumphadumpha.

Ukukumbuka ngozi ya basi ija pamsewu wa Masvingo ndikuchokera kooda katundu ku Musina. Mwendo unapola, mutu ayi. Kombi ikangomanga mabuleki mwadzidzidzi ine mtima phaphapha, thukuta, kutsika panjira ndalama nditalipira kale, ma dollar anga kupita choncho. Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira, koma zanga sizinali zoganiza, thupi limangochita lokha.

Amene anandithandiza ndi mayi wina khansala wa uphungu, wothandiza anthu ovutika maganizo, ndipo sungakhulupirire, ndi wakwathu. Bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya Rhodesia kudzagwira m'mafamu a fodya, iwo anabadwira konkuno, Chichewa chawo ndi chosakaniza ndi Chishona ngati cha ana athuwa. Mu 2005 nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba ndi misika ya anthu m'matauni, kanyumba kawo ku Mbare kanagwetsedwa iwo akuona, m'nyengo yozizira, ana atatu kugona panja pambali pa wadirobu. A UN anati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogulitsira malonda. Akuti kwa zaka ankati akamva lole ikulira m'mawa miyendo imafooka. Chinawakokera kuntchitoyi ndi mabenchi aja a Friendship Bench amene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, agogo kukhala pabenchi panja pa kiliniki kumamvetsera anthu. Anaona kuti kumvetsera nayo ndi ntchito, kenako anakaphunzira za uphungu.

Tsiku loyamba ndinapita nditakonzeka kufotokoza ngozi yonse, magazi, mayi amene anakhala pafupi nane, zonse. Anandiimitsa. Amvekere, amake Chifundo musathamange, nkhaniyo sithawa. Anandiuza ndivule masilipasi mapazi agunde simenti, nditchule zinthu zisanu zimene ndikuona. Ndinatchula kalendala, ketulo, buluzi pakhoma, ndinafika poseka ndekha kuti ndabwerera zimenezi? Kenako kupuma, kukoka mpweya pang'ono n'kuutulutsa motalikitsa ngati ukuuzira phala la mwana. Masabata awiri zomwezo basi.

Anandifotokozera kuti thupi lili ngati mlonda amene anaonapo akuba kamodzi, tsopano akuimba wezulo ngakhale padutse mphaka. Mlondayo sumuthamangitsa, anakupulumutsa, umangomuphunzitsa pang'onopang'ono kuti uyu ndi mphaka. Nkhani ya ngozi tinkaitenga zidutswazidutswa, akaona manja anga ayamba kunjenjemera timaima, kubwerera ku mapazi ndi simenti. Kenako homuweki, kukwera kombi siteji imodzi yokha nditakhala pafupi ndi chitseko, sabata inayo masiteji awiri. Tsiku limene ndinafika ku Mbare Musika kuchokera ku Mufakose osatsika panjira ndinadzigulira ndekha Fanta.

Chimandinyansa mwa iwo ndi chimodzi, ukawafunsa kuti ndichite chani amakubwezera funso, nanga inu mukuona bwanji? Nthawi zina munthu umafuna akuuze basi. Koma za pemphero sanandiletse, anati pitani kumapemphero a amayi Lachinayi ndithu, kungoti asakuuzeni kuti kusagona ndi kuchepa chikhulupiriro. Za Murambatsvina anandiuza kamodzi kokha, mwachidule, sanafune kuti ineyo ndiyambe kuwapepesa.

Sindikuti ndachira ndithu, basi ya usiku sindinakwerebe.

Ndikudziwa kwathu ukangotchula zimenezi anthu amati wayamba misala akupititse ku Zomba, asiye alankhule. Ukapita ku Queens kukatenga mankhwala a BP a amayi ufunse manesi kuti aphungu amapezeka kuti, usachite manyazi. Ndipo mvula ikayamba usiku undiimbire pa WhatsApp kaya ndi 2 koloko, tizitchulira limodzi zinthu zisanu zija, ine tulo tanga ndi tochepa kale. Umupatse moni Tadala, nsapato zake ndipatsira munthu wa basi mwezi ukatha, unditumizire saizi.

Ndine mnzako,
amake Chifundo