Pali matenda a kumalo obisika amene sadikira kuti kuche

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kampata. Ine ndine namwino, ndagwira ntchito zaka zambiri ndithu mu wodi ya odwala a opaleshoni, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi mnyamata wina wa zaka 14 amene tinamulandira mwezi wathawu, mpaka pano nkhope ya mayi ake sikundichoka mmaso. Mnyamatayu anadzidzimuka pakati pausiku ndi ululu woopsa ku tchende limodzi nkuyamba kusanza, koma chifukwa cha manyazi anauza makolo ake kuti ndi mmimba. Anamupatsa mankhwala opha ululu kuti agone kaye. Kutacha anapita naye pa chipatala china, kumeneko olo kumuvula kabudula sanamuvule, anangomva zoti mmimba ndi kusanza basi nkumulembera mankhwala. Tsiku lachiwiri ataona kuti kwatupa mpamene mwana uja ananena zoona, nde munthu wina nkuyamba kumufunsa ngati anayamba zibwenzi, eti mwina ndi matenda opatsirana pogonana, nkumubaya jakisoni nkumubweza kunyumba. Pofika kwa ife linali tsiku lachitatu. Adokotala atatsegula ku fiyeta anapeza tchende lija lada bii, linali litafa kalekale, panalibenso kuchitira mwina koma kulichotsa.

Mundikhululukire kuti ndikutchula ziwalo mosabisa, ndikudziwa ena ayamba kale kuchita tsinya, koma kubisa mawu komweku nkumene kunamupweteketsa mwana uja.

Vuto lake madokotala amalitchula kuti testicular torsion. Tchende limalendewera pa kachingwe, ndipo mkati mwa kachingweko ndi mmene mumadutsa mitsempha ya magazi komanso kanjira ka mbewu ya abambo. Anyamata ena amabadwa tchende lawo lisanagwire bwino mkati mwa thumba lake, limangoyendayenda, nde tsiku lina limatha kuzungulira nkupota kachingwe kaja, magazi nkusiya kudutsa ngati mmene madzi amaimira ukapinda paipi. Zimatha kuchitika mwana akusewera mpira, akupalasa njinga, kapena ali mtulo osachita kanthu kalikonse. Kawirikawiri zimagwira a zaka 12 mpaka 18 ngakhale makanda ndi akuluakulu zimawachitikiranso, ndipo mabuku amati ndi mwamuna mmodzi pa 4,000 aliwonse osakwana zaka 25. Ndi ochepa inde, nchifukwa chake ogwira ntchito ambiri saliganizira msanga. Koma tamvani za nthawi yake: akalowa ku fiyeta asanathe maola 6, matchende pafupifupi 9 pa 10 amapulumuka, pakadutsa maola 12 ndi theka lokha, pakadutsa maola 24 ndi limodzi pa 10 kaya kuchepera apo. Opaleshoni yake siyaitali, amamasula kachingwe kaja nkusokerera tchendelo kuti lisazungulirenso, ndipo amasokereranso linzake lija chifukwa nalonso limakhala lomasuka chimodzimodzi. Ndinawauza mayi aja kuti tchende limodzi lathanzi ndi lokwanira kuti mwana wawo adzabereke, anapumako pang'ono, koma anandifunsa kuti tikanabwera usiku womwewo bwenzi zili bwanji, ine kukhosi kunauma.

Chimene ndimapempha anzanga a chipatala nthawi zonse nchakuti mnyamata aliyense wobwera ndi ululu wa mmunsi mwa mimba komanso kusanza, muoneni kumusiko, olo iye asanene. Ndi mphindi imodzi yokha. Tchende lopotana limakwera mmwamba kuposa linzake, pena limagona chopingasa, ndipo likhudzeni pang'ono mwana amalumpha. Mukakayikira musadikirenso sikani ya mawa, itanani adokotala a opaleshoni.

Lina limene limandiwawa mtima ndi priapism. Uku nkudzuka kwa chida cha abambo kosafuna kugwa, popanda chilakolako chilichonse, kopweteka kwambiri. Magazi amalowa nkutsekeredwa mmenemo, mpweya umene unali mmagaziwo umatha, minofu ya mkati nkuyamba kufa pang'onopang'ono. Malire ake ndi maola 4, kupitirira apo ndi ngozi yofunika kuthamanga nayo. Amene amavutika nazo kwambiri ndi anyamata ndi abambo odwala sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo), ana aang'ono omwe, komanso ena amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo monga chlorpromazine kapena trazodone, ndi amene amadzibaya majakisoni owonjezera mphamvu za kuchipinda. Khansa ya mmagazi nayo imatha kuyambitsa. Chovuta nchakuti anthu akamva nkhaniyi amaseka, anzake a wodwalayo amaseka, ndamvapo ngakhale wogwira ntchito mnzanga akuseka mu kolido wodwala akumva, ndiye munthu amakhala kunyumba masiku awiri atadziphimba bulangeti kuopa kusekedwa. Akabwera msanga adokotala amapopa magazi akudawo ndi singano, nkutsukamo, nkubayamo mankhwala monga phenylephrine amene amafinya mitsempha, nthawi zambiri zimatheka. Akabwera patadutsa tsiku limodzi ndi theka kapena awiri minofu ija imakhala yauma, imasanduka chipsera, ndipo ambiri mwa iwo mphamvu sizibwereranso moyo wawo wonse. Taganizani mnyamata wa zaka 20 kumuuza zimenezo. Makolo a ana a sickle cell, chonde auzeni ana anu aamuna za ichi adakali aang'ono, kuti zikachitika olo kwa ola limodzi nkusiya zokha azikuuzani, chifukwa timeneti tobwerezabwerezati timatsogolera chachikulu.

Chida cha abambo chilibe fupa koma chimathyoka. Chikapindika mwamphamvu chili chodzuka, chikopa cholimba cha mkati chimang'ambika, munthu amamva kuti thwa, chimagwa nthawi yomweyo nkutupa nkuda. Akasoka tsiku lomwelo ambiri amachira bwinobwino, akazengereza chimapola chokhota. Apa sinditalikitsa, ndingoti ku chipatala sitifuna kudziwa kuti munali ndi ndani, tingofuna kudziwa kuti zachitika nthawi yanji komanso ngati mukukodza magazi, poti pena njira ya mkodzo imang'ambikira limodzi.

Koma amene amapha msanga ndi Fournier's gangrene, dzinali linachokera kwa dokotala wa ku Paris, Jean Alfred Fournier, amene analemba za matendawa mu 1883. Amayamba ngati kanthu kosaopsa, kachithupsa pafupi ndi kotulukira chimbudzi, kabala kometa, kapena mafinya a mu njira ya mkodzo, kenako tizilombo tamitundu ingapo timagwirizana nkumayenda pansi pa khungu, kudya mnofu wa thumba la matchende ndi malo ozungulira mpaka kukwera pamimba. Kunja khungu limatha kuoneka longofiirira pang'ono pomwe mkati mwaola kale, nde chizindikiro chimene ine ndimachiopa ndi ululu woposa chimene maso akuona, thupi kutentha, fungo loipa, ndipo ukadina pakhungupo pamamveka kuti tsekeretsekere chifukwa cha mpweya umene tizilombo tikutulutsa. Odwala shuga ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu, ena timawapeza ndi shuga tsiku lomwelo iwo osadziwa, komanso omwa mowa kwambiri ndi amene chitetezo chawo chatsika. Amayi nawo amadwala ngakhale si kawirikawiri. Mu 2018 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linachenjezanso kuti mankhwala ena atsopano a shuga, a gulu la SGLT2 inhibitors amene amatulutsa shuga kudzera mu mkodzo, apezeka akukhudzana ndi matendawa mwa anthu ochepa, sikuti musiye mankhwala anu ayi, koma mukaona kutupa ndi ululu kumusiko musagone nazo. Maantibayotiki okha sachiza. Pamafunika kudula mnofu wonse wakufa tsiku lomwelo, pena kubwerera ku fiyeta katatu kanayi, ndipo ine ndatsukapo mabala amenewa kwa milungu yambiri, ndaona ena akutuluka akuyenda okha, ndaonanso ena amene tinawataya chifukwa anafika tizilombo titalowa kale mmagazi.

Tsono Akonzi ndisangoloza chala odwala, mavuto ena timawayambitsa ndife tomwe a chipatala ndipo izi sitikonda kuzinena. Katheta, paipi ija timaika kuti mkodzo utuluke, ili ndi kabaluni kunsonga kamene timakapopa ndi madzi kuti isatuluke mchikhodzodzo. Lamulo lake ndi losavuta, lowetsa mpaka kumapeto, uone mkodzo ukutuluka, kenako upope. Munthu akapupuluma nkupopa kabaluni kadakali mu njira ya mkodzo amang'amba njirayo, magazi amatuluka, ndipo patapita miyezi pamabwera chipsera chimene chimapanikiza njira, bambo uja nkumakodza modontheza moyo wake wonse kapena kufunika opaleshoni ina yaikulu. Chinanso, poika katheta kwa mwamuna wosadulidwa timakankhira khungu la kunsonga mmbuyo kuti titsuke, nde ukaiwala kulibweza limamanga ngati mphete, nsonga nkutupa, ndi imene timati paraphimosis. Ine ndinaiwalapo kamodzi ndili wongoyamba kumene ntchito, anali agogo ena amene sankatha kuyankhula bwino chifukwa cha sitiroko, mwamwayi mnzanga wa usiku anaona msanga nkubweza khungulo lisanafike poipa. Kuyambira tsiku limenelo sindichoka pa bedi ndisanayang'ane kawiri, ndipo wophunzira aliyense amene wadutsa mmanja mwanga ndimamuuza nkhani imeneyi.

Palinso kachubu kena kamene madokotala amasiya mkati, kuchokera ku impso kufika mchikhodzodzo, akachotsa miyala kapena njira ikatsekeka, dzina lake double J stent. Kameneka sikaoneka kunja, ndipo kamayenera kuchotsedwa kapena kusinthidwa pakatha milungu kapena miyezi yochepa malinga ndi mmene adokotala anenera. Koma wodwala akapanda kuuzidwa momveka, iye akamva bwino amayesa zatha, kachubu nkukhala mmenemo zaka, kamamera miyala mbali zonse, kamatha kuduka, impso nkuwonongeka mwakachetechete. Tinalandirapo mayi wina amene anakhala nako zaka zoposa zitatu osadziwa nkomwe kuti mthupi mwake muli chinthu. Wolakwa si mayiyo ayi. Aliyense wochitidwa opaleshoni ya impso kapena ya miyala afunse asanatuluke kuti kodi mwandisiyira chilichonse mkati, ndipo ndibwere liti kudzachotsa, ndipo ife tizilemba tsikulo mmabuku athu ndi mu buku la wodwala.

Amayinso ali ndi zawo. Kanjira kochokera ku impso kamadutsa pafupi kwambiri ndi chiberekero, moti pa opaleshoni yochotsa chiberekero kapena yobereketsa yovuta kamatha kudulidwa kapena kumangidwa mwangozi, olo dokotala waluso zimamuchitikira. Mayi akaona kuti patadutsa masiku angapo mkodzo ukungotuluka wokha ku njira ya amayi usana ndi usiku, kapena mbali imodzi ya msana ikupweteka thupi likutentha, abwerere msanga, zimakonzeka, asamadzibise kuchipinda ndi nsanza.

Sikuti chilichonse chachilendo nchoopsa. Thumba lolandirira mkodzo lolumikizidwa ku katheta la agogo amene akhala nayo nthawi yaitali limatha kusanduka la pepo, achibale amachita mantha kwambiri, pomwe ndi tizilombo ta mu mkodzo tikuphwanya zinthu zina zochokera mmatumbo nkupanga utoto, makamaka agogowo akakhala odzimbidwa. Kusintha katheta ndi thumba, kuthandiza kudzimbidwako, ndi kupereka mankhwala ngati pali zizindikiro za matenda, nthawi zambiri zimatha. Koma khanda lachimuna limene likukodza modontheza, kudzikakamiza, kamimba kali kotupa mmunsi, limenelo musalidikirire kuti likula nazo. Ena amabadwa ndi timapeko totseka njira ya mkodzo, posterior urethral valves, mkodzo umabwerera mmbuyo nkumaononga impso zonse ziwiri mwana asanayambe nkuyenda komwe. Ndipo magazi mu mkodzo, olo kamodzi kokha, olo osapweteka, kwa munthu wamkulu ndi oyenera kufufuzidwa. Amene anadwalapo likodzo asamangoti ndi lomwe lija labwerera, mazira a likodzo akakhalitsa mchikhodzodzo amatha kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili. Pa tsamba lanu la zaumoyo mumalemba bwino za shuga, BP ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo tikuthokoza, koma za ziwalo za mkodzo ndi za abambo mumangodutsa, mwina poopa mawu ake. Tapezani dokotala wa matenda amenewa azilemba olo kamodzi pa mwezi, mu Chichewa chomveka, atchule tchende kuti tchende, ndipo manambala awiri aja, maola 6 ndi maola 4, muwalembe mu zilembo zikuluzikulu kuti bambo, mayi, mphunzitsi wa ku sukulu yogonera konko ndi kochi wa mpira awaone. Mnyamata uja anabwera sabata yatha kudzaonetsa bala, lapola bwino, ndipo mayi ake ndi amene anandilimbikitsa kuti ndikulembereni, akuti ali ndi ana ena awiri aamuna ndipo awakhazika kale pansi nkuwauza.

Ine wanu,
Namwino wa mu wodi ya opaleshoni