Kwa mayi wanga wamng'ono, za hatchi yanga Mwera

Namwera,
Mangochi.

Wokondedwa mayi wanga wamng'ono,

Landira moni kuchokera kuno kumtunda. Kaya wadzuka bwanji kumeneko ku Mpondasi, ndi kutentha kwanu kuja kosagonetsa tulo? Ife kuno tonse tili bwino. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi pamodzi ndi kathumba ka mtedza. Mtedzawo ndi wako, koma umugawireko mlongo wako, asachite kukulanda. Mawu ena akakuvuta amayi ako akuwerengere, komatu uyambe wayesa wekha, poti munthu wa Sitandade 3 si mwananso wobereka kumbuyo.

Amayi ako anandiuza pafoni kuti unagwa panjinga pafupi ndi mjigo, bondo n'kusupuka, anyamata n'kumakuseka. Akuti chigwereni njingayo sukuiyang'ananso, ndipo unanena kuti, "Ine ndine wamantha, sindingathe." Nditamva ndinaseka, usakwiye. Sindimaseka iwe ayi. Mawu amenewo ndi anga, ndinawanenapo ine ndili ndi ndevu kale.

Unali usanabadwe pamene ndinapita ku Joni. Basi inatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kudzera ku Harare mpaka pa Beitbridge, masiku awiri miyendo ili dzanzi. Anyamata ambiri a kwathu kuno akafika kumeneko amagwira ntchito m'mashopu kapena yosamala maluwa m'nyumba za anthu. Ine inandigwera ya m'khola la mahatchi, kudera lotchedwa Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Atandifunsa ngati mahatchi ndimawadziwa, ndinati eya. Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo zimenezo usatengere. Chiweto chachikulu chimene ndinali nditachigwirapo chingwe inali mbuzi ya agogo ako, nayonso inkachita kundikoka.

Tsiku loyamba nditalowa m'kholamo mawondo anandigwedera. Hatchi yaikulu bwino imalemera makilogalamu 500. Tangoganiza matumba 10 a chimanga, aja a makilogalamu 50, ataunjikidwa pamodzi n'kumera miyendo inayi ndi mano. Kukatentha imamaliza ndowa ziwiri za madzi pa tsiku, za malita 20 zija. Imatha kugona tulo ili chiimire. Ikapuma pafupi ndi khutu lako umamva ngati wina akupopa tayala. Ntchito yanga inali kuchotsa ndowe pawilibala, kuyala udzu wouma, kupesa ubweya ndi bulashi, ndi kutokosa timiyala m'ziboda. Ya zibodayi ndi imene inkandiumitsa m'kamwa, chifukwa umayenera kuwerama pafupi ndi mwendo umene ungakumenye theche mpaka kukadzukira kuchipatala.

Koma ndikuuze chinsinsi chimene chinanditengera miyezi kuti ndichidziwe. Chinyama chonsecho, kukula konseko, ndi chamantha kuposa iwe. Makolo ake ankadyedwa ndi zilombo kutchire, ndiye mpaka lero imaganiza kuti kuseri kwa chitsamba chilichonse kwabisala mkango. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, moti imaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi, kupatula kumbuyo kwenikweni kumchira ndi patsogolo penipeni pa chipumi. N'chifukwa chake hatchi saizembera kumbuyo. Umaiyandikira cham'mbali, chakuphewa, ukuyankhula, kuti idziwe kuti ndiwe munthu. Ndipo zimene ikuganiza zimalembedwa m'makutu. Ikawaimika kutsogolo ndiye kuti ikufunsa kuti n'chiyani icho. Ikawagonetsa kumbuyo, futuka msanga.

M'kholamo munali ina yaikazi, yofiirira ngati dothi la katondo, yokhala ndi kabanga koyera pachipumi. Inali ndi dzina lake la Chingerezi, koma ine ndinaitcha Mwera. Ukudziwa mmene mwera umachitira panyanja mwezi wa Juni: m'mawa madzi ali zii, pofika masana asodzi akuthawitsa mabwato. Ndi mmene analili. Kumene anachokera ankamukwapula, choncho munthu akangokweza mkono, iye wadzuka kale ndi miyendo iwiri. Anzanga onse ankamukana, ndiye anamupereka kwa ine poti mlendo sakana.

Ndinkagwira chingwe chake ndi manja awiri, molimba, ngati ndikukoka khoka. Ine kukoka, iye kukoka. Ine thukuta, iye thukuta. Tsiku lina anandikhwekhwereza pansi mpaka buluku kung'ambika, ndipo madzulo ake ndinauza mdala wina amene tinkagona naye chipinda chimodzi kuti mawa ndikusiya ntchito, ine ndine wamantha, sindingathe. Mdalayu anali wa ku Angonia, ku Mozambique, ndipo tinkamvana bwinobwino Chichewa. Anapitiriza kuvundula nsima osandiyang'ana. Kenako anati, "Mphwanga, chingwe chija ndi lamya. Iwe ukachilimbitsa, ukumuimbira kuti mkango wafika. Iye atani, asathawe?"

M'mawa mwake ndinasiya chingwe pamsomali. Ndinatenga ndowa, kuivundikira pakona pa khola, n'kukhalapo. Osamuyang'ana, osamuitana. Ndinkangoimba chapansipansi nyimbo zija agogo ako ankaimba posinja, chifukwa munthu ukamaimba sungathe kubanika ndi mpweya, umapuma ndithu, ndipo mapewa amatsika okha. Tsiku loyamba anaima kukona ina, maso ali tong'o. Sabata yoyamba inatha choncho. Anzanga ankadutsa n'kumati Mmalawi wapenga, akuimbira hatchi kwaya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti podekhapo anthu amakuseka.

Sabata yachitatu, m'mawa wina wozizira kwambiri, madzi a m'chomwera ataundana pamwamba ngati galasi, ndinamva mpweya wofunda pakhosi panga. Sindinatembenuke. Ananunkhiza chipewa changa, kenako khutu, kenako thumba la jekete mmene munali karoti. Milomo yake ndi yofewa ngati tsaya la khanda, koma ili ndi tindevu tolasa. Anatsitsa mutu, n'kuusa moyo kwambiri, n'kuyamba kutafuna m'kamwa mulibe kanthu. Hatchi ikatero ndiye kuti mtima wakhala pansi. Ine ndinakhalabe pandowapo, misozi ikutsika, mwina chifukwa cha kuzizira.

Kuchokera pamenepo tinayamba kuphunzitsana. Kuphunzitsa hatchi si nkhani ya mphamvu, poti mphamvu ili ndi iyo. Umakoka chingwe pang'ono chabe, ikangosuntha phazi limodzi kubwera kumene ukufuna, umamasula nthawi yomweyo. Kumasulako ndiye zikomo wake. Ukachedwa kumasula, siidziwa kuti yakhoza. Vuto linali loti aliyense anali ndi nzeru zake. Uyu akuti mukwapule, uyo akuti mumange nsalu kumaso, winanso akuti mumane chakudya. Ine ndinkamvera onse, lero za uyu mawa za uyo, Mwera n'kusokonezeka. Iye ankafuna munthu mmodzi woti anene kuti tiyeni uku, n'kukhaladi kuti ndi uku.

Tsono tsiku limene ndimalikumbukira kuposa onse si la kukwera ayi. M'mawa wina ndinapeza chakudya chake chili chomwecho, sanachikhudze. Ankapalasa pansi ndi chiboda, n'kumacheukira pamimba pake. Ndowe m'khola munalibe. Ndinathamangira kwa kapitawo. Iye anasuzumira kamodzi n'kuti, "Ndi matama ake amenewo, kagwire ntchito." Kapitawoyo anali atakhala ndi mahatchi zaka zambiri, ine chaka chimodzi chokha. Ndinabwerera, kutenga wilibala, kuyenda mapazi ngati khumi, n'kuima. Mumtima ndinati, zaka ali nazo ndi iye, koma amene wakhala pandowa m'khola lija ndine. Hatchi siitha kusanza, mwanawe. Mimba ikatsekeka, zimene zili m'katimo zilibe kobwerera, ndipo matenda amenewa amapha mahatchi ambiri. Ndinasiya wilibala pakati pa njira n'kukagogoda kunyumba ya abwana, kumene antchitofe sitinkaloledwa kufika m'mawa choncho. Mawu ankanjenjemera, Chingerezi chonse chinathawa, ndinkangoloza pamimba panga. Dokotala wa ziweto anabwera, anamubaya jakisoni, n'kumulowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mimba. Ine ndinamuyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira bwalo mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo anachita ndowe. Sindinasangalalepo ndi ndowe ngati tsiku limenelo, ndinatsala pang'ono kuijambula chithunzi. Kapitawo sanandiyankhule sabata yathunthu, koma ine tulo ndinkagona.

Patapita nthawi abwana anafuna kumugulitsa, poti alendo ankaopa kumukwera. Ndinapempha kuti ndimugule ine. Ankandidula pamalipiro mwezi ndi mwezi, ndipo Lamulungu ndinkagwira ntchito yolipirira udzu ndi katemera wake. Amayi ako anandikalipira kwabasi kuti anzako akutumiza malata iwe ukugula chinyama chosadyedwa, ndipo mwina sanalakwe kwenikweni. Kumeneko hatchi imakhala ndi kabuku kake ngati pasipoti, kolembamo maonekedwe ake ndi katemera. Mapepala a Mwera anali olongosoka kuposa a mwini wake. Izi amayi ako aseka, iwe udzazimva ukadzakula.

Tsopano za kugwa. Tinali titazolowerana, ndikumukwera tsiku ndi tsiku, ndayamba ndi kudzitama komwe. Tikuyenda m'mbali mwa mpanda, mphepo inaulutsa jumbo. Jumbo wamba, woikamo tomato. Mwera anadumphira kumanzere, ine ndinatsala m'malere, kenako phi! Phewa linathyoka. Ana a sukulu amene ankadutsa anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Anthu a mahatchi amakonda kunena kuti ukagwa ukwerenso pompo. Ine zimenezo ndimazivomera theka lokha. Phewa litapola ndinakhalabe masabata angapo osakwera. Ndikaona chishalo m'mimba munkatentha. Ndiye ndinadzichitira ndekha zimene ndinamuchitira iye. Tsiku loyamba ndinangomuveka chishalo n'kuchivula. Lachiwiri ndinaponda phazi limodzi n'kutsika. Tsiku lina ndinagona chamimba pamsana pake ngati thumba la ufa. Tsiku limene ndinakhala tsonga, mantha analipo ndithu, sanachoke. Ndinangoyamba nyimbo ya mtondo ija, n'kuyang'ana kutsogolo pakati pa makutu ake, n'kunena kuti tiye. Jumbonso tinamuphunzira. Ndinkamumangirira kundodo, n'kumuonetsa ali patali, mawa pafupi pang'ono, mpaka Mwera anayamba kufunafunamo karoti.

Uzifunsa kuti nanga Mwerayo ali kuti. Ndinamusiya komweko, pamalo ophunzitsira ana kukwera, ndipo ana amsinkhu wako ndi amene akumukwera lero. Kubwera naye kuno kukanafuna ndalama zimene ndinalibe, komanso kukanakhala kumupha. Kuno kuli tizilombo touluka, tochepa kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'bandakucha n'kupatsira mahatchi matenda oopsa, ndipo timakonda malo otentha a chinyezi ngati kwanu kumtsinje wa Shire. Kulinso kashembe m'madera a kutchire. N'chifukwa chake m'dziko muno mahatchi ndi owerengeka, monga aja a ku Kande, ku Nkhata Bay, amene alendo amakwera m'mbali mwa nyanja. Tsiku lotsanzikana sindikufuna kulilemba.

Panopa ndili ndi bulu, amene matenda amenewa samugwetsa wamba. Ndikumuphunzitsa kukoka ngolo. Bulu ndi wosiyana ndi hatchi. Hatchi ikaopa imathawa, bulu akaopa amaima nji, n'kumaganiza. Anthu amati ndi makani n'kuyamba kumumenya, chonsecho mwini wake akungofuna aone kaye bwinobwino. Nditamva kuti njinga waisiya, ndinati mayi wangayu wachita za bulu, ndipo kwa ine kumeneko si kutukwana.

Ndiye tamvera. Wina asakukankhe, ngakhale mlongo wako. Uwapemphe ababa ako atsitse chishalo mpaka mapazi ako onse awiri aziponda pansi. Upite pabwalo la sukulu Loweruka m'mamawa anyamata aja asanadzuke, osati kumsewu wa tala kumene kumathamanga a kabaza ndi malole opita kumlatho. Zopalasira uzisiye kaye, uzingodzikankha ndi mapazi. Usayang'ane tayala, uyang'ane mtengo wa mlambe kapena chigoli, poti njinga ndi hatchi n'zimodzi pamenepa, zimapita kumene maso ako apita. Ukatopa usiye. Tsiku lopalasa udzalidziwa wekha, ndipo usadzafunse munthu ngati lakwana.

Holide ya Disembala ubwere kuno. Minibasi ikamakwera phiri la Chowe ukhale kuwindo, udzaona nyanja ya Malombe ili pansi ngati mbale. Bulu wanga akukana kuwoloka kamlatho ka matabwa ka kudimba, wakhala akukana milungu iwiri tsopano. Ndikufuna munthu wamng'ono, wosapupuluma, woti akakhale tsidya linalo ndi kambale ka madeya, azingoimba osamuyang'ana. Dzina sindinamupatsebe, ndikudikira iwe. Ubwere ndi juzi, kuno mvula ikagwa kumazizira.

Upereke moni kwa amayi ako ndi ababa ako. Undiyankhe ndi dzanja lako, ndipo kumbuyo kwa pepalalo undijambulire Mwera, usaiwale kabanga ka pachipumi.

Ndine malume ako,
ku Namwera.