Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chemistry

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga a m'kilasita yathu,

Munandituma kumsonkhano wa masiku awiri wa aphunzitsi a Chemistry konkuno ku Lilongwe, ndiye ndabwerako, nditule zomwe ndatola. Tsiku loyamba magetsi anathima m'mawa ndithu, pulojekita n'kungokhala chokongoletsera tebulo. Tinabwerera ku choko chathu chomwechi, ndipo palibe chinalakwika.

Funso lomwe tinakhalirapo ndi ili: mwana akapatsidwa 1s² 2s² 2p⁶ 3s² 3p⁵, mndandanda woonetsa momwe ma electron akhalira mu atom, adziwa bwanji kuti ndi element iti? Ana athu anazolowera kulemba 2.8.7, ndiye akaona zilembo za s ndi p amagwa mphwayi asanayambe n'komwe. Chonsecho ntchito yake n'kuwonkhetsa timanambala ta pamwambato: 2, 2, 6, 2 ndi 5 zikwana 17, ndipo atomic number 17 ndi chlorine. Nambala yaikulu ya kutsogolo, 3, ikutiuza period, mzere wopingasa pa periodic table. Ma electron 7 a mu shell yakunja (2 a 3s ndi 5 a 3p) akutiuza group, mzere wotsika. Kumbukiraninso kuti s imalandira ma electron 2, p 6, d 10.

Chomwe chinandigwira mtima ndi cha mayi wina, mphunzitsi wa kusukulu yopanda labu, amene anabwera ndi bawo m'chikwama. Anati dzenje lililonse ndi orbital, malo okhalamo ma electron, ndipo m'malo mwa nkhomo anathira nyemba zoyera ndi zofiira, kuimira ma electron, omwe timawajambula ngati mivi yoloza kumwamba ndi yoloza pansi ija. Dzenje limodzi silipitirira nyemba ziwiri, ndipo ziwirizo zikhale zosiyana mtundu. Ndilo lamulo lomwe Wolfgang Pauli anatulutsa mu 1925. Atafika pa maenje atatu a 2p, anagwetsa nyemba imodziimodzi monga timachitira poyendetsa bawo, osaphatikiza mpaka dzenje lililonse litalandira. Ili ndi lamulo la Hund. Maenje atatu okhala ndi nyemba imodziimodzi, kuphatikiza 4 za mu 1s ndi 2s: nitrogen, 7. Anawonjezera imodzi yofiira m'dzenje loyamba: oxygen, 8. Ine ndakhala ndikujambula mabokosi pa bolodi zaka zonsezi, koma sindinaonepo nkhaniyi ikulowa m'mutu msanga chonchi.

Kenaka tinakodwa mumsampha, ndipo ndiulule kuti ndinali m'gulu la okodwawo. Otitsogolera analemba 1s² 2s² 2p⁶. Tonse tinakuwa kuti neon! Iwo anangomwetulira, n'kuwonjezera kachizindikiro ka + pambali. Basi, yasanduka Na⁺, sodium yomwe yataya electron imodzi mwa 11. Mg²⁺, F⁻ ndi O²⁻ nazonso zili ndi ma electron 10 omwewo. Dzina la element limachokera pa ma proton. Kuwerenga ma electron kumapereka yankho pokhapokha atom ilibe charge. Ngati ife akuluakulu tinagwa chonchi, nanga mwana wa Fomu 4 ali m'chipinda cha mayeso a MANEB? Tiwazoloweze kuyang'ana charge asanawonkhetse.

Tsiku lachiwiri panabuka mtsutso. Potassium, 19, imaika electron mu 4s isanakhudze 3d, apo tinagwirizana. Koma chromium, 24, imathera 3d⁵ 4s¹, ndipo copper, 29, imathera 3d¹⁰ 4s¹, mosiyana ndi zomwe mwana angayembekezere potsata ndondomeko. Ena anati tisawasokoneze ana, tilekeze pa calcium, 20. Ena anati opita ku yunivesite akazipeza, ndi bwino azimveretu. Sitinamange chimodzi. Maganizo anga ndi oti m'kalasi tilekeze pa 20, koma mukalabu ya sayansi tiziwalawitsa ana achidwi aja.

Pempho langa: pamkumano wathu wotsatira aliyense abwere ndi bawo, kapena thireyi ya mazira ngati bawo palibe, ndi nyemba za mitundu iwiri zodzaza dzanja. Malisiti a minibasi ndapereka kale kwa a msungichuma.