Lipoti la msonkhano wa matenda a pakhungu otengera kwa makolo

Wapampando ndi anamwino anzanga,

Ndikuthokoza ponditumiza ku msonkhanowu. Malisiti a ulendo ndi a malo ogona ndapereka kale kwa msungichuma. M'mawa wa tsiku loyamba nthawi inathera pa malonje ndi kalembera wa odwala, ndipo sindinatolepo chachilendo.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la epidermolysis bullosa, mwachidule EB, nthenda imene khungu limachita matuza ndi kusupuka likangokhulika pang'ono. Mitundu yake ikuluikulu ilipo inayi, ndipo amaisiyanitsa poona pamene khungu limalekanira. Wofala kwambiri ndi simplex, umene kawirikawiri umachokera ku majini (timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo) a KRT5 ndi KRT14. Tinakhalitsa pa dystrophic, umene umabwera jini ya COL7A1 ikalephera kupanga bwino collagen VII, timaulusi timene timamangirira khungu lakunja ku lamkati. Mtunduwu ukakhala woopsa kwambiri, zipsera zimamatiriza zala pamodzi, kummero kumachepa mpaka mwana kulephera kumeza, ndipo ambiri amadwala khansa ya pakhungu asanafike kuukalamba.

Pa mtundu woopsawu, bambo ndi mayi onse amakhala ndi jini yolakwikayo popanda chizindikiro chilichonse, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi 1 mwa 4. Mfundo imeneyi tiziifotokoza bambo alipo, chifukwa mlandu umakonda kugwera mayi yekha.

Nthumwi zinaombera m'manja mankhwala opaka a Vyjuvek, amene anavomerezedwa ku America mu 2023 ndipo amalowetsa jini yabwino pa chilonda penipeni, kenako zinagwirizana kuti choyamba chikhale kuyeza majini. Ine ndinakana. Kuyezako n'kofunika, koma khanda lobadwa lero likufuna namwino wodziwa kuti matuza amabooledwa ndi singano yoyera asanakule, kuti sanyamulidwa m'khwapa, ndiponso kuti pulasitala yomata imachoka ndi khungu lomwe. Apa ndikumbutse kuti pempho lathu la mabandeji osamata, limene tinalemba chaka chatha, silinayankhidwe mpaka lero, chonsecho ena mwa ife tinadzudzulidwa kuti tikuwononga zipangizo.

Zokambirana zomaliza za kayendetsedwe ka ndalama zinalibe chatsopano. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira mundipatse ola limodzi ndionetse kanyamulidwe ndi kamangidwe ka zilonda, ndipo nkhani ya mabandeji ikhale yoyamba pa ndandanda.